Mfuti Yobisa M'chiuno: Imathamangitsa Achifwamba Kapena Imachulukitsa Maliro?

Pa 23 June 2022, Khoti Lalikulu la United States linagamula kuti munthu ali ndi ufulu woyenda ndi mfuti kunja kwa nyumba yake pofuna kudziteteza, ndipo boma silingamukakamize kupereka chifukwa chapadera. Chigamulochi, chimene chimadziwika ndi dzina la Bruen, chinagwetsa lamulo la chigawo cha New York limene linakhalapo zaka zoposa 100. Woweruza Clarence Thomas, amene anachilemba, anati lamulo la mfuti liziyesedwa ndi mbiri ndi mwambo wa dzikolo, osati poika pa sikelo ubwino ndi kuipa kwake kwa masiku ano. Khoti linayankha za ufulu, za chitetezo n'kuzisiya panja. Za chitetezozo ndiye tiziunike pano, popeza kwa zaka pafupifupi 40 zigawo za America zakhala zikumasula malamulowa pa nthawi zosiyanasiyana, ndipo zimene zinatsatira zinalembedwa.

Kodi malamulo amenewa amanena chiyani kwenikweni?

Alipo a mitundu iwiri, ndipo anthu amakonda kuwasokoneza. Mtundu woyamba umanena za amene angayende ndi mfuti yobisa m'zovala kapena m'chikwama. Kale zigawo zambiri zinkaletseratu, zina zinkasiya mphamvu m'manja mwa mkulu wa apolisi kuti aone ngati wopemphayo ali ndi chifukwa chomveka. Mu 1987 chigawo cha Florida chinakhazikitsa lamulo loti aliyense wokwanitsa zofunika zochepa, monga msinkhu ndi kusakhala ndi mbiri ya milandu ikuluikulu, apatsidwe chiphaso popanda kufunsidwa kuti mfutiyo ndi yachiyani. Zigawo zina zinatengera, mpaka Illinois, yomwe inali yomaliza kulola mfuti yobisa, inalola mu 2013. Kenaka kunabwera kuchotsa chiphaso chenichenicho. Vermont sinafunepo chiphaso kuyambira kale, Alaska inachichotsa mu 2003, Arizona mu 2010, Texas mu 2021, Florida mu 2023, ndipo pofika mu 2024 zigawo 29 mwa zigawo 50 zinali zitalola munthu wamkulu kuyenda ndi mfuti yobisa alibe chiphaso.

Mtundu wachiwiri umanena za nthawi imene munthu angaphe mnzake n'kusalangidwa. Mwambo wakale wa malamulo a ku England unkati m'nyumba mwako sukakamizidwa kuthawa wokuukira, koma ukakhala kunja ndipo njira yothawira bwinobwino ilipo, uthawe kaye usanakhetse magazi. Mu 2005 bwanamkubwa wa Florida Jeb Bush anasainira lamulo lotchedwa "stand your ground", limene bungwe la eni mfuti la National Rifle Association linalimbikitsa. Lamuloli linachotsa udindo wothawa pamalo alionse pamene munthu ali ndi ufulu wopezekapo, likapezeka kuti anali ndi chifukwa chomveka choopera imfa kapena kuvulazidwa kwambiri. Linawonjezanso chinthu chimene ambiri sachitchula: wowomberayo angapemphe kuti mlandu uthetsedwe usanazengedwe n'komwe, ndipo kuyambira mu 2017 pa gawo limenelo ndi woimira boma amene ayenera kusonyeza kuti sikunali kudziteteza. Lero zigawo zoposa theka zili ndi lamulo lofanana nalo.

Koma si zoona kodi kuti wachifwamba amachita mantha akadziwa kuti aliyense angakhale ndi mfuti?

Ganizoli si lachabechabe, ndipo amene amaliseka sanalimvetse. Mfuti yoonekera imateteza mwini wake yekha, pamene yobisa, akutero oikira kumbuyo malamulowa, imateteza onse, chifukwa wakuba sadziwa amene ali nayo ndi amene alibe. Mu 1997 akatswiri a zachuma John Lott ndi David Mustard anafalitsa kafukufuku wa maboma ang'onoang'ono oposa 3,000 a m'dzikolo, kuyambira 1977 mpaka 1992, ndipo anapeza kuti kumene lamulo linamasulidwa milandu yakupha ndi yogwiririra inatsika. Chaka chotsatira Lott anatulutsa buku lotchedwa *More Guns, Less Crime*, limene aphungu a zigawo zambiri ankalinyamula pokambirana zosintha malamulo.

Vuto linali pa zaka zimene anasankha. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, mankhwala ozunguza bongo otchedwa crack anasefukira m'mizinda ikuluikulu, ndipo magulu owagulitsa ankaphana polimbirana misika. Mizinda imene inavutika kwambiri, monga New York, Los Angeles ndi Chicago, inali m'zigawo zokhwimitsa malamulo a mfuti, pamene zambiri mwa zigawo zomasula zinali zakumidzi. Kuyerekeza magulu awiriwa m'nyengo imeneyo kunachititsa kuti lamulo lipatsidwe ulemu pa kusiyana kumene kunadza ndi mankhwala. Mliriwo utazilala, umbanda unatsika m'dziko lonse, ndipo mzinda wa New York, umene chiphaso chake chinali chovuta kupeza kuposa pafupifupi kwina kulikonse, unachoka pa anthu ophedwa 2,245 mu 1990 kufika pa osakwana 300 mu 2017. Izi sizitsimikiza kuti kukhwimitsa ndi kumene kunatsitsa umbanda wa ku New York, pakuti zifukwa zinali zambiri, koma zikusonyeza kuti umbanda ungagwe kwambiri popanda kupereka mfuti kwa anthu oyenda mumsewu. Mu 2004 komiti ya akatswiri ya National Research Council inabwereza masamu a Lott ndipo inapeza kuti zotsatira zimatembenuka mukangosintha zaka kapena zinthu zimene mukuziwerengera. Inati umboni umene unalipo sukanatha kusonyeza kuti malamulowa amatsitsa kapena kukweza umbanda. Membala mmodzi yekha, James Q. Wilson, ndi amene anatsutsa, ponena kuti pa milandu yakupha Lott anali ndi mfundo.

Nanga chiyambire 2004 kwapezeka chiyani chatsopano?

Kwapezeka zaka zina zowerengera ndi njira zabwinoko zoyerekezera. Funso loyenera si lakuti umbanda unatsika kapena ayi lamulo litasintha, popeza unkatsika paliponse. Ndi lakuti ukanatsika bwanji lamulo likanapanda kusintha. John Donohue wa pa yunivesite ya Stanford, pamodzi ndi Abhay Aneja ndi Kyle Weber, anayankha funsoli mu 2019 motere: pa chigawo chilichonse chimene chinamasula lamulo, anasakaniza ziwerengero za zigawo zina zosamasula mpaka kupanga chithunzi chofanana ndi mmene umbanda wa chigawocho unkayendera lamulo lisanabwere, kenaka n'kuona mmene ziwirizi zinapatukirana. Anapeza kuti patatha zaka 10, umbanda wachiwawa unali wokwera ndi 13 mpaka 15 peresenti kuposa mmene ukanakhalira. Akatswiri ena, monga Carlisle Moody ndi Thomas Marvell, anatsutsa njirayi, ndipo mkanganowo sunathe. N'chifukwa chake ndi bwino kumvera amene amasefa kafukufuku yense pamodzi m'malo modalira mmodzi. Bungwe la RAND, limene silili mbali ya omenyera mfuti kapena odana nazo, limachita zimenezi, ndipo limataya kafukufuku wambiri chifukwa chosalimba. Mu 2020 linkati umboni woti kumasula ziphaso kumakweza chiwawa ndi wochepa. Mu 2023, kafukufuku watsopano atachuluka, linati tsopano ulipo umboni wolimba woti malamulowa amawonjezera imfa zakuphedwa. Munthu woona mtima anganene kuti kukula kwa vutoli sikunadziwike bwino. Zoti malamulowa amatsitsa umbanda, zimene zinali lonjezo lenilenilo, sangazinenenso ndi nkhope yowongoka.

Pali chifukwa chimene yankho linachedwera chonchi. Mu 1996 nyumba ya malamulo ya dzikolo inaika mawu m'ndondomeko ya zachuma oletsa bungwe la zaumoyo la CDC kugwiritsa ntchito ndalama zake polimbikitsa kukhwimitsa mfuti, ndipo inadula ndalama zimene bungwelo linkafufuzira nkhaniyi. Ndalama zapadera zofufuzira zinabwereranso kumapeto kwa 2019, madola 25 miliyoni. Malamulo ankamasulidwa chaka ndi chaka pamene oyeza zotsatira zake anali atamangidwa manja.

Komatu anthu a ziphaso amadziwika kuti ndi osunga malamulo. Umbandawo ukuchokera kuti?

Apa oikira kumbuyo mfuti akunena zoona. Chigawo cha Texas chimasindikiza chaka ndi chaka chiwerengero cha anthu opezeka olakwa kukhoti, ndipo a ziphaso safika ngakhale mmodzi pa 100 alionse. Koma kuipa kwa lamulo sikudalira kuti mwini chiphaso asanduke chigawenga. Njira yoyamba ndi kuba. Mfuti imene inkakhala m'kabati kunyumba tsopano imayenda, ndipo mwini wake akafika pa khoti, pasukulu kapena pamalo ena oletsedwa, amaisiya m'galimoto. M'mizinda yambiri ya ku America, galimoto ndi malo amene mfuti zimabedwako kwambiri masiku ano, ndipo mfuti yobedwa sipita kwa munthu wofuna kudziteteza. Donohue ndi anzake, poyang'ana mizinda ikuluikulu, anapeza kuti lamulo likamasulidwa kubedwa kwa mfuti kumakwera, pamene gawo la milandu yachiwawa imene apolisi amaithetsa limatsika. Walira mvula walira matope: wofuna kuti anthu abwino ambiri aziyenda ndi mfuti wafunanso kuti mfuti zambiri zizigona m'magalimoto usiku. Njira yachiwiri ndi yakuti wachifwamba naye amawerenga nyengo. Akaganiza kuti wofuna kumuberayo angakhale ndi mfuti, sikuti nthawi zonse amasiya ntchito yake. Akhoza kunyamula yake n'kuyamba iye kuwombera. Njira yachitatu ndi mkwiyo wa munthu wamba, amene si wakuba, si chigawenga, koma watukwanidwa pamsewu, waledzera kapena wachita nsanje. Mkangano umene ukanathera pa zibakera ndi kutupa kwa milomo umathera kumanda chifukwa chida chinali pafupi. Tionjezepo kuti mbiri yabwino ya a ziphaso inabwera chifukwa chiphasocho chinkasefa anthu. Kutenga khalidwe la anthu osefedwa ngati chifukwa chotayira sefa n'kudzitsutsa.

Lamulo lochotsa udindo wothawa, ilo lachita zotani?

Apa ndi pamene umboni uli wolimba kwambiri. Mu 2013 Cheng Cheng ndi Mark Hoekstra a pa yunivesite ya Texas A&M anaunika zigawo zoposa 20 zimene zinakulitsa ufulu wopha podziteteza pakati pa 2000 ndi 2010. Anafunsa mafunso awiri. Kodi kuthyola nyumba, kulanda ndi kumenya anthu kunachepa? Sanapeze kuchepa kulikonse. Kodi kupha kunachuluka? Kunachuluka ndi pafupifupi 8 peresenti, kutanthauza anthu ena pafupifupi 600 chaka chilichonse m'zigawo zimenezo. Mu 2017 David Humphreys ndi anzake anayang'ana Florida payokha ndipo anapeza kuti lamulo la 2005 litayamba kugwira ntchito, kuphana kunakwera ndi 24 peresenti ndipo kuphana ndi mfuti kunakwera ndi pafupifupi 32 peresenti, pamene m'zigawo zopanda lamuloli sizinatero. Wina angati: bwino, ophedwawo anali achifwamba amene anakumana ndi zowayenera. Ofufuzawo anapatula imfa zimene boma linazitcha zovomerezeka, zimene zinachulukadi, koma zotsalazo, zimene lamulo lomwelo limazitcha milandu, zinakwerabe ndi pafupifupi 22 peresenti. Kafukufuku wa 2022 wa dziko lonse anapeza kukwera kwa 8 mpaka 11 peresenti, kwakukulu m'zigawo za kumwera monga Alabama, Georgia, Louisiana ndi Florida, koma m'zigawo zina sikunaoneke. Kusiyanaku n'kofunika kukunena, ngakhale sikupulumutsa lamulolo: kumene silinaononge, silinathandizenso.

Mmene zimachitikira zinaoneka pa kamera mu July 2018 ku Clearwater, Florida. Michael Drejka, munthu wa chiphaso, anayamba kukalipira mayi wina chifukwa choimika galimoto pamalo a olumala panja pa sitolo. Chibwenzi cha mayiyo, Markeis McGlockton, anatuluka m'sitolomo n'kumukankha mpaka kugwa pansi. Drejka anasolola mfuti, McGlockton anayamba kubwerera m'mbuyo, Drejka n'kumuwombera pachifuwa. Mkulu wa apolisi wa deralo anakana kumumanga, akutchula lamulo lija. Oimira boma pa milandu ndi amene anamutsegulira mlandu pambuyo pake, ndipo mu 2019 anapezeka wolakwa n'kulamulidwa kukhala m'ndende zaka 20. Oikira kumbuyo lamuloli amati umenewu ndi umboni woti silimasula opha. Koma chigamulo cha khoti chimabwera munthu atafa kale. Chimene chimagwira ntchito pa mphindi yowombera ndi chimene munthu amakhulupirira kuti lamulo likumulola, ndipo ngati mkulu wa apolisi analimva molakwa, munthu wamba wakwiya ali pansi angalimve bwanji? Pa mlandu umenewu panali kamera. Pamene palibe, mboni imodzi yagona m'bokosi, ndipo nkhani yotsala ndi ya wowomberayo. Umu ndi mmene zinalili pa imfa ya Trayvon Martin, mnyamata wa zaka 17 amene analibe chida, yemwe George Zimmerman anamuwombera ku Sanford, Florida, mu February 2012. Maloya a Zimmerman sanapemphe kuti mlandu uthetsedwe pogwiritsa ntchito lamuloli, koma apolisi anatha milungu isanu ndi umodzi asanamumange, ndipo mawu a lamuloli anali m'malangizo operekedwa kwa nzika zoweruza mlanduwo, zimene zinamumasula mu July 2013.

Udindo wothawa sunali kulamula munthu kuti aphedwe ali chiimire. Unkagwira ntchito pokhapokha njira yothawira mosaika moyo pachiswe ilipo. Wopanikizidwa pakona anali ndi ufulu wodziteteza kale lomwe. Chimene lamulo latsopano linawonjezera, choncho, ndi chilolezo chopha pamene kuchoka kunali kotheka.

Nanga anthu amene mfuti inawapulumutsadi tiwaiwale?

Ayi, alipo ndithu. Pa 17 July 2022 munthu wina anayamba kuwombera anthu pamalo ogulitsira malonda a Greenwood Park Mall ku Indiana n'kupha atatu. Elisjsha Dicken, wa zaka 22, amene anali ndi mfuti yake movomerezeka, anamupha m'masekondi 15, ndipo palibe wokayika kuti anapulumutsa ambiri. Funso ndi lakuti zoterezi zimachitika kangati. Gary Kleck ndi Marc Gertz anafunsa anthu pafupifupi 5,000 pa foni ndipo mu 1995 anati Aamerika amadziteteza ndi mfuti ka 2.5 miliyoni pa chaka. Kafukufuku wamkulu wa boma, amene amafunsa mabanja zikwizikwi za umbanda umene unawagwera, amapeza chiwerengero cha pakati pa 60,000 ndi 100,000. David Hemenway wa ku Harvard anasonyeza gwero la kusiyanaku: pofunsa za chinthu chosowa koma chopatsa ulemu, anthu ochepa chabe akakokomeza, chiwerengero cha dziko lonse chimafufuma ndi mamiliyoni. Ndipo amene akunena kuti anadziteteza ndi mbali imodzi ya mkangano. Winayo akanafunsidwa mwina akanati anaopsezedwa ndi mfuti. Bungwe la FBI linaunika zochitika 160 za anthu owombera pagulu kuyambira 2000 mpaka 2013: 21 zinathetsedwa ndi anthu opanda zida, 5 ndi anthu amfuti omwe sanali apolisi, ndipo anayi mwa asanuwo anali alonda. Lott amati FBI imasiya zina posawerenga, koma ngakhale titachulukitsa chiwerengerocho, kuwombera kwa pagulu ndi kagawo kakang'ono ka anthu 20,958 amene anaphedwa ndi mfuti m'dzikolo mu 2021. Palinso mbali ina ya nkhani ya ngwazi. Mu June 2021 ku Arvada, Colorado, Johnny Hurley anapha munthu amene anali atangopha wapolisi. Wapolisi wina atafika anamupeza atagwira mfuti ya chigawengacho, n'kumuwombera. Lamulo limaperekedwa kwa anthu mamiliyoni, choncho liyenera kuyesedwa ndi zonse zimene limabala, za ku Greenwood pamodzi ndi za ku Clearwater, ndipo ziwerengero za imfa zimene tatchula zija zaphatikiza kale mitundu yonse iwiri.

Kodi chitetezo cha malamulowa chimafika kwa onse mofanana?

Sichifika. Lamulo likadalira mantha a wowombera, limatengera tsankho limene lili m'manthawo ndi m'maso mwa omuweruza. John Roman wa ku Urban Institute anaunika ziwerengero za FBI za 2005 mpaka 2010 ndipo anapeza kuti mzungu akapha munthu wakuda, mwayi woti imfayo itchedwe yovomerezeka ndi waukulu kambirimbiri kuposa wakuda akapha mzungu, ndipo mpatawo unali wokulirapo m'zigawo zochotsa udindo wothawa. Ziwerengerozo sizifotokoza mmene mkangano uliwonse unayambira, choncho sizitsimikiza tsankho pa mlandu uliwonse, koma mpata wake ndi waukulu moti sungangonyalanyazidwa. Chiphaso nacho sichiteteza onse chimodzimodzi. Philando Castile, munthu wakuda wa ku Minnesota, anali nacho. Mu July 2016 wapolisi atamuimitsa pamsewu, iye anamuuza mwaulemu kuti ali ndi mfuti, ndipo m'masekondi ochepa anawomberedwa n'kufa. Wapolisiyo anamasulidwa kukhoti.

Ndiye khoti litagamula kale, chatsala n'chiyani?

Chatsala chambiri, pakuti Bruen sinaletse ziphaso. Woweruza Brett Kavanaugh, mogwirizana ndi mkulu wa oweruza John Roberts, analemba momveka kuti zigawo zikhoza kupitiriza kufuna zidindo za zala, kufufuza mbiri ya munthu ndi maphunziro a kagwiridwe ka mfuti. Chigamulocho sichinakhudzenso udindo wothawa. Zigawo monga New York ndi Massachusetts zikadali nawo. Munthu angakhulupirire ndi mtima wonse kuti kuyenda ndi mfuti ndi ufulu umene suyenera kudalira ziwerengero, ndipo imeneyo ndi mfundo yoti anthu akambirane poyera, atavomereza mtengo wake. Koma aphungu a ku Florida ndi anzawo sanagulitse malamulowa ngati ufulu wokhala ndi mtengo. Anawagulitsa ngati mankhwala a umbanda. Pa lonjezo limenelo alephera. Kumasula ziphaso sikunasonyeze kuti kumaopseza achifwamba, ndipo umboni wochuluka ukuloza ku chiwawa chowonjezereka; kuchotsa udindo wothawa sikunachepetse kuba ngakhale kulanda, koma kunawonjezera imfa mazanamazana pa chaka. Chigawo chofuna chitetezo cha anthu ake chisunge chiphaso, chikane kuchipereka kwa amene anapezekapo olakwa pa zachiwawa, chikakamize kusunga mfuti motsekera ikasiyidwa m'galimoto, ndipo chibwezeretse udindo wochoka pamene njira yochokera ilipo.